Kuyenda m'phiri ndi kukwera thanthwe: zokambirana ndi achinyamata a ku Likhubula

Zikomo a mfumu potipatsa bwaloli, zikomonso amayi ndi abambo nonse. Inu achinyamata muli kumbuyoko, sendererani kuno kumthunzi, chifukwa nkhaniyi ndi yanu kwenikweni. Ambiri mwa inu mukufuna kuyamba kutsogolera alendo m'phiri lathu la Mulanje kapena kuwanyamulira katundu, ndipo mvula ikangosiya mu Epulo alendowo ayamba kubwera.

Mlendo akafika n'kunena kuti akufuna kupita kuphiri, musathamangire kukambirana mtengo. Yambani mwadziwa chimene wadzera. Pali wodzayenda m'phiri, pali wodzakwera thanthwe. Wina mungamuthandize ndi zimene mukudziwa kale. Winayo, ngati simunaphunzitsidwe, mukhoza kukafera naye limodzi.

Kuyenda m'phiri tonse timakudziwa. Munthu amatsata njira ndi mapazi ake, manja ali ndi ndodo kapena botolo la madzi. Kuchokera pano kupita ku nyumba yogona ya Chambe, kaya mwadzera njira ya Skyline yotsetsereka ija kaya ya Chapaluka yodutsa ku Dziwe la Nkhalamba, mlendo wamphamvu zake amatenga maola atatu kapena anayi. Atuluka thukuta, apuma wefuwefu, mawa lake ntchafu zimupweteka, koma paliponse angathe kukhala pansi, kudya nthochi, n'kunena kuti ine basi ndabwerera. Amayi athu amatsika njira zomwezo mtolo wa nkhuni uli pamutu. Othamanga pa mpikisano wa onyamula katundu uja amakwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikira pano m'maola awiri ndi mphindi zingapo. Onsewo ndi oyenda, ngakhale ena akuyenda mothamanga.

Ndiye musamayese ndi kutalika kwa phiri. Kilimanjaro ku Tanzania ndi mamita 5,895, kutalika pafupifupi kawiri kuposa Sapitwa wathu wa mamita 3,002, koma anthu amafika pamwamba pake ndi mapazi okha, opanda chingwe. Chimene chimawagwetsa kumeneko ndi kuchepa kwa mpweya. Pa phiri la Kenya, oyenda amathera pa nsonga ya Lenana, mamita 4,985. Nsonga ya Batian ndi mamita 5,199, kungoposa ndi mamita 200 ndi pang'ono, koma kumeneko wopanda chingwe ndi luso safikako.

Muyeso wake ndi uwu, ndipo muzidzifunsa pamalo alionse okayikitsa: ndikaterereka pano, ndikaima pati? Ngati mugwa chamatako n'kudzuka mukudzisansa fumbi, mukuyenda. Ngati palibe choti chikuimitseni mpaka pansi, mukukwera thanthwe, ngakhale pamalopo pakhale pafupi bwanji.

Tembenukani muone Chambe uyo. Khoma lake loyang'ana kumadzulo ndi lalitali pafupifupi mamita 1,700, ndipo limatchulidwa kuti ndi lalitali kuposa makoma onse okwera ndi zingwe mu Africa muno. Lili ndi zigawo ziwiri, chapansi cha mamita ngati 600 ndi chapamwamba choposa 1,000, pakati pali kakhonde komera tchire. Anthu oyamba kulikwera lonse anatero m'zaka za m'ma 1970, ndipo mpaka pano olimaliza ndi ochepa. Ambiri tsiku limodzi siliwakwanira, amagona pakhomapo atadzimangirira.

Ndikufotokozereni mmene amachitira, kuti mukadzaona musadzayese kuti ndi kulimba mtima chabe. Amakhala awiri, aliyense wavala lamba wodutsa m'chiuno ndi m'ntchafu, chipewa cholimba kumutu poopa miyala yogumuka, ndi nsapato zothina za mphira wosalala, zoti munthu sangayende nazo ngakhale kukafika pamsika. Chingwe chimodzi, cha mamita 50 kapena 60, chamangidwa kwa onse awiri. Woyamba amanyamuka. Akakwera pang'ono amafunafuna mng'alu, n'kulowetsamo kachitsulo, n'kukoka kuti aone ngati kagwira, kenako n'kukoleka chingwe pamenepo. Mnzake ali pansi, maso ali m'mwamba, akumasula chingwe pang'onopang'ono kudzera m'kachitsulo kena ka palamba wake, ndipo dzanja limodzi silichoka pachingwe ngakhale ntchentche imutere pamphuno. Wam'mwamba akagwa, wapansi amakhoma chingwe. Tsono tamverani apa: ngati wakwera mamita atatu kupitirira pamene anakoleka komaliza, agwa mamita asanu ndi limodzi, atatu kufika pakachitsulo ndi atatu ena kupitirira, kuonjezapo kutamuka kwa chingwe. Chingwe chikatha, woyamba uja amadzimangirira pathanthwe, n'kuyamba kukoka mnzake, yemwe amabwera akuzula tizitsulo tija. Akakumana amayambiranso. Pakhoma ngati la Chambe azichita zimenezi kambirimbiri, kuyambira m'bandakucha mpaka mdima.

Mwala wathu wa kuno ulinso ndi vuto lake. Ndi wolimba bwino, koma malo ambiri ndi osalala, ming'alu ndi yochepa, ndiye wokwera amatha kupita mtunda wautali osapeza pokoleka. Nthawi zina chogwira chokha ndi zitsamba zomera pathanthwe, zomwe zikhoza kuzuka m'manja.

Chingwe chawocho si chimene timagula kumsika chomangira mbuzi. Chawo chinapangidwa kuti chizitamuka munthu akagwa, kuti msana usalandire mphamvu yonse nthawi imodzi. Chosatamuka, ngakhale chisaduke, chimamuvulaza munthu mkati.

Tsopano tifike pamene pali nkhawa yanga. Pakhoma la Chambe palibe amene amapitapo mwangozi, munthu amangoliona mantha n'kumugwira. Malo amene amapusitsa ndi apakatikati, pamene ulendo umayamba ngati woyenda n'kusintha munthu osazindikira. Sapitwa ndi wotero. Kuchokera ku nyumba yogona ya Chisepo mumayamba bwinobwino, kenako mumafika pamatanthwe otsetsereka pomwe ndodo mumaisiya n'kuyamba kukwawa ndi manja. Kumtunda kuli miyala ikuluikulu yosanjikizana, pena mumadutsa m'mapanga chokwawa chikwama mutachivula, pena mumalumpha mpata woti pansi pake simukupaona. Tsiku louma, la dzuwa, munthu wamba wamphamvu zake amafika ndi kubwerera popanda chingwe. Koma chiperoni chikangobwera kuchokera ku Mozambique, mwala umanyowa, zizindikiro zopaka utoto zija sizionekanso, ndipo pamalo pomwe m'mawa munadutsa mukucheza pamasanduka poti kuterereka kumodzi n'kokwanira. Phiri silinasinthe, koma yankho la funso lija lasintha. Chimodzimodzinso njira yopita pansonga ya Chambe kuchokera kuchigwa cha pamwamba: ilibe zingwe, koma ili ndi malo oti wamantha ndi wotopa sayenera kupondapo.

Akuluakulu pano mukukumbukira. Mu 2003 mayi wina wa ku Netherlands anapita yekha kulowera ku Sapitwa, sanapezeke. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya womutsogolera n'kupitirira yekha, nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patapita masabata oposa awiri. Iye sanachite kugwa pakhoma lalitali, chinamupha ndi chisanu. Za mizimu ya kuphiriko a mfumu ndi akuluakulu ndiwo angatiphunzitse, ndipo miyambo imeneyo ndi ina mwa zimene zinachititsa kuti UNESCO, bungwe loona za maphunziro ndi chikhalidwe pa dziko lonse, lilembe phiri lathu pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025. Ine mbali yanga ndi yakuti mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Kuchokera pano kufika pa Sapitwa ndi mamita oposa 2,000. Muonjezepo mphepo ndi malaya onyowa. Mu Juni ndi Julayi madzi amatha kuundana usiku kumtundako.

Chifukwa chake chida chachikulu cha wotsogolera oyenda ndi wotchi ndi pakamwa. Musananyamuke ku Chisepo gwirizanani ola lobwerera, kaya mwafika pansonga kaya ayi. Yang'anani m'chikwama cha mlendo, musachite manyazi: juzi, jekete ya mvula, tochi, chakudya, madzi. Yang'anani kunsi kwa nsapato zake. Ndipo kumbukirani kuti kutsika pathanthwe n'kovuta kuposa kukwera, chifukwa maso saona poponda. Musamukweze munthu pamalo pamene simukudziwa mmene mudzamutsitsire. Mlendo adzakuuzani kuti walipira ndalama zambiri, wachokera kutali, ndege yake ndi ya mkucha. Mumuyankhe mwaulemu kuti pepani bwana, lero tibwerera. Ena amakwiya, ndipo mwina kangachepe kaja simulandira. Zimachitika.

Akabwera a zingwe, ntchito yanu ilipo ndithu. Muwanyamulire katundu mpaka patsinde pa khoma, muwaonetse pamene pali madzi, mugwirizane tsiku, ola ndi malo okakumana akatsika, ndipo akapanda kuoneka mudziwitse a zankhalango msanga. Koma akakupatsani chingwe kuti mugwire, muwauze poyera kuti simunaphunzire. Amene mtima ukufuna luso limeneli, ndipo ndingakondwe kuona ana a pano akulidziwa, afunse kudzera kwa a Mountain Club of Malawi kapena kwa okwera odziwa, ayambire pamiyala yaifupi pali mphunzitsi.

Ndaona dzanja uko. Eya achimwene, funsani.

Akufunsa ngati si bwino kumangotenga chingwe popita ku Sapitwa kuti chithandize pamalo oterera. Funso labwino, koma ayi. Chingwe chimagwira ntchito pokhapokha wogwirayo atamangirira pachinthu chosasuntha. Mukamanga mlendo wa makilogalamu 90 m'chiuno mwanu inu mutangoima pathanthwe lonyowa, iye akaterereka akukokani, mupita nonse awiri. Komanso munthu akaona chingwe amalimba mtima n'kuponda pamene akanaopa. Ngati pafika poti mukulakalaka chingwe panjira ya oyenda, tembenukani mutsike ku Chisepo, mukakoleze moto mudikire kuti mwala uume.