Makalata a Omvera: Mzere wa Tordesillas

Takulandirani, omvera athu okondedwa. Sabata yatha tinanena kuti ku Brazil amalankhula Chipwitikizi chifukwa cha pangano la ku Tordesillas la 1494. Bambo wina, mphunzitsi wa mbiri yakale ku Dedza, walemba motere:

"Munanena zoona, koma munadumpha pamene panali vuto. Spain ndi Portugal anagwirizana kuti malire akhale pa mtunda wa maligi 370 (ligi ndi muyeso wakale wa mtunda) kumadzulo kwa zilumba za Cape Verde: za kum'mawa kwa mzerewo za Apwitikizi, za kumadzulo za Spain. Komatu panganolo silinatchule chilumba choyambira kuwerenga, ngakhale kutalika kwa ligiyo. Cabral, mtsogoleri wa zombo za Apwitikizi, atafika kugombe la Brazil pa 22 April 1500, dera limenelo linalidi mbali ya Apwitikizi, koma pomwe mzere unkadutsa kumtunda palibe ankatha kuloza."

Zikomo, aphunzitsi, mwatiwongolera. Mwina ena mukudabwa kuti akatswiri a panyanja ankalephera bwanji kuyeza mtunda. Yankho lili m'kalata iyi ya bambo amene anagwirapo ntchito m'sitima za pamadzi, ali ku Monkey Bay:

"Kudziwa kuti muli kumpoto kapena kummwera motani sikunkavuta. Dzuwa likafika pamutu, ankayeza kukwera kwake ndi chipangizo chamkuwa chotchedwa astrolabe, n'kuyerekeza ndi manambala a tsikulo olembedwa m'buku. Kum'mawa ndi kumadzulo n'kumene kunali chipsinjo. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola limodzi, choncho pamafunika kudziwa nthawi ya pamene muli ndi ya kudoko komwe munanyamukira. Iwo wotchi yawo inali galasi la mchenga lotha theka la ola, lomwe mnyamata ankalitembenuza usana ndi usiku. Akasinza, kapena akafulumira kutembenuza kuti aweruke msanga, nthawi yasokonekera. Kuphonya mphindi 4 zokha ndi digiri imodzi, ndipo pa Equator amenewo ndi makilomita pafupifupi 111."

Mwamva nokha. Wotchi yodalirika ya panyanja, ya John Harrison wa ku England, inayesedwa paulendo wa ku Jamaica mu 1761, patapita zaka zoposa 260 chipangireni panganolo.

Pakati ponsepa mkangano sunathe. Mu 1524 akatswiri a mayiko awiriwa anakumana m'matauni a kumalire kwawo, Badajoz ndi Elvas, kuti aone mbali ya mzere yomwe kunali zilumba za Maluku (ku Indonesia wa lero), kochokera zokometsera zakudya, koma anabalalika osagwirizana. Inathetsa nkhani ndi ndalama: mu 1529, ku Zaragoza, Portugal inalipira Spain ndalama zagolide zotchedwa ducat zokwana 350,000 kuti Spain isiye kulimbirana zilumbazo. Ku Brazil nako, magulu a bandeirantes ochokera ku São Paulo ankangolowa kumtunda kukagwira eni nthaka ukapolo ndi kufunafuna golide, mzere osaulabadira n'komwe. Anthu amene dziko lawo linkagawidwa sanafunsidwe kanthu. Pangano la ku Madrid la 1750 linangovomereza kuti aliyense asunge malo omwe wakhalapo kale, n'chifukwa chake Brazil yatambalala mpaka kuchita malire ndi Peru.

Aphunzitsi, funso lanu lina lija, la akapolo amene ankakwezedwa zombo ku Quelimane kupita ku Rio de Janeiro, tiliyankha sabata yamawa.