Mafumu atatu a pa Khirisimasi: tsegulani Mateyu 2 muwapeze

Moni nonse, monire mose a ku Chibavi, Katoto, Luwinga, ndi inu muli ku Joni mukulota mpunga wa Kilombero. Mukamva phokoso padenga, ndi mvula yathu ya pa Mzuzu, mundipirire. Lero ndikulandani mafumu atatu aja. Koma musachoke msanga, mfundo yachinayi ndi yomwe inandisowetsa tulo.

Choyamba, mwachangu. Kubadwa kwa Yesu kunalembedwa ndi Mateyu ndi Luka okha. Marko amayambira pa Yohane Mbatizi, pamene Yohane amangoti Mawu anasandulika thupi.

Chachiwiri, tsiku. Baibulo silitchula 25 Disembala. Umboni wakale kwambiri wa tsikuli ndi wa ku Roma, m'chaka cha 336. Basi, tapita.

Chachitatu, apa ndiye khalani pansi. Mumalidziwa sewero la ana a Sande Sukulu: anyamata atatu, zisoti za makatoni, zitenje za amayi awo paphewa, akugwada m'khola pambali pa abusa. Ineyo ndinakhalapo mfumu yachitatu, mphatso yanga inali chitini cha mkaka chokutidwa ndi pepala lonyezimira. Ndiye sindikunyoza ayi. Koma imitsani vidiyoyi, tsegulani Mateyu 2. Mawu akuti mafumu mwawaona? Mulibe. Akuti anzeru a kum'mawa, anthu oyang'ana nyenyezi. Nambala yawo? Mulibenso. Zitatu ndi mphatso: golide, lubani ndi mure. Ife tinangowerenga mphatso n'kugawira aliyense yake, ngati kuti munthu mmodzi sanganyamule ziwiri. Mipingo ina ya ku Syria imati analipo 12!

Nanga khola? Ndime 11 ikuti analowa m'nyumba. Modyera ng'ombe ndi abusa ndi nkhani ya Luka, ndipo Luka satchula anzeruwa n'komwe. Onaninso Herode: atawafunsa nthawi imene nyenyezi inaoneka, anapha ana aamuna a zaka ziwiri kutsika m'munsi. Zikusonyeza kuti mwina panali patapita miyezi ndithu.

Ufumu wawo unachokera kuti tsono? Akhristu akale anawerenga Salimo 72 ndi Yesaya 60, pomwe mafumu akubwera ndi mphatso, n'kulumikiza. Mayina akuti Caspar, Melchior ndi Balthasar anadzabwera patadutsa zaka mazana angapo. Mpaka lero mu tchalitchi chachikulu cha ku Cologne, ku Germany, muli bokosi lomwe amati muli mafupa awo, anabwera nawo kuchokera ku Milan mu 1164. Wina alemba kale m'munsimu kuti ndikuwononga chikhulupiriro. Achimwene, ndangowerenga ndime.

Ngati mwafika pano, bandulo yanu sinapite pachabe. Dinani subscribe, dinaninso kabelu, tumizani ku gulupu ya kwaya pa WhatsApp. Amayi a Umanyano, ndikukuonani, inunso.

Chachinayi. Pali anthu ena mu Mateyu 2 omwe sitiwaika m'sewero. Herode atavutika mtima, anaitana ansembe aakulu ndi alembi: Khristu abadwira kuti? Sanachite kukanda m'mutu. Betelehemu, anatero, n'kutchula mneneri Mika, chaputala 5. Yankho lenileni. Tsono kuchoka ku Yerusalemu kufika ku Betelehemu ndi makilomita pafupifupi 9. Sikukwana n'komwe theka la ulendo wochoka pa Mzuzu kupita ku Ekwendeni, wa Sacramento, kabaza wa njinga wa kuno, angakufikitseni thukuta lisanaume. Mateyu sanena kuti wina mwa iwo ananyamuka. Alendo opanda Malemba anayenda ulendo wautali, eni Malemba anayankha funso n'kutsala mumzinda.

Timakonda kunena kuti choipa cha munthu chili mwa Herode, woopa kulandidwa mpando. Herode ndi wosavuta kumuda, palibe wa ife anatumapo asilikali. Ine amene amandiwopsa ndi alembi, chifukwa ndime ndimaziloweza, ndipo ndangotha mphindi zisanu ndikukonza nambala ya anzeru. Mwana aliyense amalimbirana chisoti cha katoni. Wofuna kukhala mlembi sindinamuonepo.

Lembani m'munsimu: m'sewero la kwanu munali ndani? Sabata yamawa tikambirana za mwini nyumba ya alendo, amene timamudzudzula chaka chilichonse chikhalirecho Luka samutchula. Mvula yakula, maikolofoni inganyowe.