Ankolo, za CHECK GAGES ija

Ankolo mwaswera bwanji, chithunzi chija mwanditumizira pa WhatsApp ndachiona, ndimafuna ndikuimbireni koma ndili kuntchito ndiye ndangoti ndijambule mawu mumvetsera mukapeza mpata. Mukuti mawu ayakawo ndi olakwika, alemba GAGES m'malo mwa GAUGES, ndiye mwina anakuikirani dashibodi yachinyengo. Ayi ankolo, siyachinyengo. Ma Jeep ndi ma Chevrolet akale ambiri kuno ku America amalemba chomwecho, CHECK GAGES, ka u kaja palibe, zinatuluka choncho kufakitale. Ineyo tsiku loyamba kuziona ndinaseka ndekha, ndimayesa wolembayo anali ndi tulo. N'chimodzimodzi tayala, kuno amalemba TIRE ku Britain amalemba TYRE koma mpweya wake ndi womwewo.

Ndiye sipelo isiyeni kaye, chandidetsa nkhawa ine n'china. Mawu amenewo akayaka akutanthauza kuti yang'anani timivi tija, kamodzi kapita posayenera, kaya ka kutentha kwa injini, ka oyilo, ka batire, pena ngakhale mafuta akatsala pang'ono. Ndiye ndakulitsa chithunzi chanucho, kamuvi ka kutentha katsala pang'onong'ono kugunda pa H, chala chanu chinaphimba theka koma ndakaona. Chonde musayendenso nayo, ikhale pompo izizire, ndipo chitsekerero cha ladiyeta musachikhudze injini ili yotentha, madzi ake amatumphuka n'kukuwotchani kumaso. Ikazizira ndi pomwe muone ngati madzi alimo, musuzumirenso pansi ngati padonthera.

Zinazi poti mwayamba kale kuwerenga dashibodi ngati nyuzipepala, hehe, ndikuuzirenitu. Galimoto zopangira msika wa kuno zimalemba mawu oti BRAKE, pomwe zambiri zochokera ku Japan ndi ku Ulaya zimangoonetsa kachizindikiro kofiira kozungulira, uthenga ndi umodzi, handibuleki simunatsitse kapena mafuta a mabuleki achepa. Chothandiza galimoto isaterereke pakona chija ndiye kampani iliyonse inangotchula dzina lake, Toyota amati VSC, Honda VSA, Nissan VDC, BMW DSC, Benz ESP, mpaka munthu kuganiza kuti ndi zinthu zisanu chikhalirecho ntchito ndi imodzi.

Yomwe imapusitsa anthu kwambiri ndi SERVICE ENGINE SOON. Ambiri akaona amangosintha oyilo n'kumadabwa kuti bwanji sikuzima, pomwe pagalimoto zambiri imeneyo ndi CHECK ENGINE yomwe ija yangovala malaya ena, pafunika makaniko alumikize kamakina kowerenga zolakwika, galimoto za kuno kuyambira 1996 zonse zili ndi polumikizira pake, nthawi zambiri pansi pa chiwongolero. Yokumbutsa kusintha oyilo pa Toyota ndi MAINT REQD. Komanso CHECK ENGINE ikamathwanima osati kungoyaka, musaikakamize, injini ikuphonya moto.

Mawu akakusokonezani onani mtundu basi, yofiira imani, yachikasu ngati sikuthwanima mutha kufika nayo kwa makaniko bwinobwino, yobiriwira kapena yabuluu ikungokudziwitsani kuti chakuti chayatsidwa. Mawa m'mawa musanailize mundijambulire ka botolo ka madzi a ladiyeta kaja, pomwe palembedwa MIN ndi MAX paoneke, chala chikhale kutali ulendo uno. Abwana akundiyang'ana, moni kwa aanti.