Makina oyeza mowa akakupezani olakwa, kodi mlandu watha?

Wapolisi wakuimitsani usiku mukuyendetsa galimoto, wakupatsani kachipangizo kuti muuzire mpweya, ndipo nambala yatuluka yopitirira mlingo. Ambiri akafika apa amangogwa mphwayi, amvekere, "makina sanama." Tiyeni tione ngati zili choncho.

Makinawa, omwe ambiri amawadziwa kuti breathalyzer, anapangidwa ndi Robert Borkenstein mu 1954, ndipo sayeza magazi ayi. Amayeza mowa umene uli mu mpweya wochoka m'mapapo, kenako n'kuwerengetsera. Ku America amatenga kuti mowa wa m'mamililita 2,100 a mpweya ndi wofanana ndi wa mu mililita imodzi ya magazi. Ku Britain amawerengera 2,300. Mayiko awiri, masamu awiri, pomwe matupi a anthu nawo safanana. Ngakhale kutentha thupi kumakweza nambala. Komatu musadalire mfundo imeneyi payokha, chifukwa malamulo ambiri anaika mlingo pa mpweya weniweniwo. Ku England ndi mamaikrogiramu 35 pa mamililita 100 a mpweya, ku Scotland ndi 22.

Pamene maloya amakumba kwambiri ndi pa mowa wotsalira mkamwa. Ngati mwangomeza kumene, mwageya, mwasanza, muli ndi chilungulira, kapena mwatsuka mkamwa ndi mankhwala okhala ndi mowa, makina amatha kuwerenga fungo la mkamwalo ngati lachokera m'mapapo. N'chifukwa chake wapolisi amayenera kukuyang'anirani kwa mphindi 15 kapena 20 musanauzire. Ndiye funso la loya m'khoti limakhala losavuta: "Bwana, munayamba kumuyang'anira nthawi yanji? Munali naye maso ndi maso, kapena munali kalikiliki kulemba mapepala?" Funso laling'ono, koma lagwetsapo milandu.

Tibwere ku makina enieniwo. Sikelo ikakhala nthawi osaichuna imayamba kunama, ndipo makinawa n'chimodzimodzi. Amafunika kuyesedwa pafupipafupi ndi mpweya kapena madzi amene mowa wake ukudziwika kale, ndipo zonse zilembedwe. Mukaona ngati n'zamasewera, tamvani izi. Mu 2018, khoti lalikulu la dera la New Jersey, ku America, linakana zotsatira zoposa 20,000 chifukwa wochuna makina analumpha gawo limodzi, lotsimikizira kutentha ndi choyezera chovomerezeka. Ku Massachusetts nako, ku America komweko, kunapezeka kuti ofesi yoyang'anira makinawa inkabisa mapepala osonyeza zolakwika, ndipo mu 2023 khoti linatsegulira njira anthu pafupifupi 27,000 kuti milandu yawo iwunikidwenso. Oledzera enieni analimo ndithu m'gulumo, ndipo ine zimandiwawa kuti ena anapulumukira pa ulesi wa ofesi. Koma osalakwa nawo analimo.

Palinso nkhani ya nthawi. Mowa sulowa m'magazi nthawi yomweyo, umakwera pang'onopang'ono. Munthu akamwa n'kunyamuka pompo, n'kukayezedwa kupolisi patatha ola, nambala ikhoza kukhala yokwera kuposa mmene inalili ali pachiwongolero. Makhoti ena amaimva mfundoyi, ena malamulo awo anaitsekera pakhomo.

Chenjezo limodzi: kukana kuuzira si nzeru. M'mayiko ambiri kukanako ndi mlandu pakokha, ndipo laisensi imatha kulandidwa. Chothandiza ndi kusunga kapepala kamene makina atulutsa, n'kulemba mudakakumbukira nthawi imene munamwa komaliza, nthawi imene anakuimitsani, ndi mankhwala alionse amene mukumwa. Loya wanu apemphe mabuku osonyeza tsiku limene makinawo anachunidwa, chiphaso cha wapolisi amene anakuyezani, komanso ngati munauzira kawiri. Ku England amayeza kawiri kupolisi, ndipo imene imapita kukhoti ndi nambala yotsikayo.