Mawu a M'mawa: Chivindikiro Chobooledwa

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo, a ku Mbare, a ku Mufakose, a ku Epworth ndi nonse muli pagulu pano. Musanathamangire kombi lero, taimani kaye pang'ono.

Masalimo 118:22, mwala uja omanga anaukana. Mukuudziwa.

Lolemba abwana anandiitana n'kundiuza kuti mwezi uno ukatha ndisabwerenso. Zaka 9 ndikukolopa ofesi imeneyo, koma nkhani yake sinathe ndi mphindi zisanu zomwe. Ndinatuluka manja ali lende, n'kumangoyenda, mpaka ndinakapezeka ndakhala pa benchi pa Africa Unity Square, paki ya pakati pa mzinda wa Harare, maluwa a jakaranda ali mbwee pansi monga amachitira Okutobala aliyense.

Pamenepo achinyamata ena aluso anali ataimika mbalame yaikulu kuposa munthu, yofanana ndi ija ili pa mbendera ya dziko lino la Zimbabwe, yolukidwa ndi waya ndi zivindikiro za mabotolo zokhazokha. Anati ikhala masiku owerengeka, kenako aichotsa.

Ndinakhala n'kumaona anthu. Bambo wina wa suti, foni ili kukhutu, anadutsa osacheuka n'komwe. Ana asukulu anajambulitsa msangamsanga n'kumapita akuseka. Mayi wina wogulitsa maluwa anapukusa mutu, amvekere ndi zinyalala izi. Koma kamtsikana kena kanakoka dzanja la mayi ake mpaka anaima, n'kugwira phiko ndi chala.

Nanenso ndinasendera pafupi. Abale, panalibe chivindikiro chabwino ngakhale chimodzi. China chopindika, china chadzimbiri, china chopondedwa ndi galimoto mpaka kuphwatalala. Ndipo chilichonse chinali chobooledwa pakati ndi msomali. Waya wadzera pachibowo pomwepo. Chivindikiro chosabooledwa sichingalowe m'mbalame imeneyo, chilibe pogwira.

Misozi inangotsika yokha. Ine sabata ino ndabooledwa, ndipo ndimangoti Ambuye mwanditaya kudzala. Kodi si pachibowo pomwepo pamene akufuna kudutsitsapo waya wake, andilumikize ndi ena? Kutola ndi Iye, kutsuka ndi Iye, kuboolanso amalola ndi Iye. Chivindikiro sichidziwa kuti chili pa phiko kapena pakhosi, chimangomva kuti chagwiridwa.

Ena mumamudziwa Moffat Takadiwa amene amagwirira ntchito ku Mbare. Miswachi yakutha ndi mabatani a kompyuta otayidwa, iye amaluka zinthu zokaonetsedwa mpaka kunja kwa dziko. Ngati munthu angaone chuma m'zinyalala, kuli bwanji amene anapanga maso?

Tsono ndikudzudzuleni mwachikondi, poti ndi ife tomwe odutsa aja. National Gallery, nyumba yoonetseramo zaluso, ilipo kuyambira 1957, ambirife timadutsa pakhomo pake tsiku ndi tsiku osalowamo. Zimenezo n'zazing'ono. Nanga mlongo uja amakhala kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi chiferedwe mwamuna wake? Nanga mnyamata uja mapepala ake sanalongosoke, amene anasiya kubwera ku mapemphero? Timawapatsa moni tikuyenda. Taimani, abale. Senderani pafupi ngati kamtsikana kaja, muone pamene abooledwa. Monga mbalame ija, nawonso sakhala pamenepo mpaka kalekale.

Dzulo ndadutsanso, mbalame ija aichotsa, pangotsala udzu wogona pamene inaima. Ndatola chivindikiro chimodzi chimene chinagwa, chili m'thumba mwangamu.

Lachinayi m'mawa ndikukaonana ndi anthu ena za ntchito. Mundikumbukire m'mapemphero.