Kachotupa kosapwetekako ndi kamene kandiopsa ine

Makalata sabata ino achuluka ndithu, koma ndiyambe ndi ya mnyamata wa zaka 24 waku Ndirande, yandisowetsa mtendere. Akuti, "Ndili ndi kachotupa kolimba pa tchende lakumanja, papita miyezi, sikapweteka ndiye ndimangokasiya. Anzanga akuti ndikaonane ndi asing'anga. Kuchipatala ndikuopa akandidula ndiye sindidzabereka."

Achimwene, kusapwetekako musakondwere nako. Khansa ya machende nthawi zambiri imayamba choncho, kachotupa kolimba kopanda ululu, kapena tchende limodzi kungokula, mwina kumamva kulemera kumusiku. Ndipo si matenda a agogo ayi, imakonda anyamata ngati inu a zaka 15 mpaka 35, makamaka amene tchende lawo silinatsike ali makanda. Sindikuti muli nayo, mwina ndi phudzi chabe, madzi odzadza m'thumba, koma zimenezo zimadziwika ndi sikani osati anzanu apabawo aja. Queens muli nayo pafupi, yambirani pa health centre akutumizeni.

Za kudulazo, ikapezeka amachotsa lodwala lokhalo, lotsalalo limagwirabe ntchito ndipo ambiri amaberekabe, za m'nyumba zimayendanso bwinobwino, akumpanda sadzadandaula. Khansa iyi ndi imodzi mwa zochizika kwambiri. Lance Armstrong wanjinga uja waku America anamupeza nayo mu 1996 ali ndi zaka 25 itafika kale m'mapapo ndi mu ubongo, anachira, koma iye anali ndi madokotala okwera mtengo, inu musadikire kuti ifike kumeneko.

Bambo aku Kasungu, funso lanu loti tchende limodzi ndi lotsika kuposa linzake, ndi mmene tinalengedwera, gonani tulo.

Mayi aku Dedza akuti mwana wawo anadzuka usiku akulira ndi ululu woopsa wa ku machende mwadzidzidzi. Mayi, zikatero mwina tchende lapotokola, thamangani usiku womwewo, pakapita maola ochepa limafa.

Koma abambo tatani kodi? Makalata ambiri akuti manyazi, manyazi, nesi ndi wamkazi. Galimoto ikangolira kachilendo mwafika kale kwa makanika, koma thupi lanu mpaka akazi anu achite kutilembera kuno. Kamodzi pamwezi mukatha kusamba madzi otentha, gwiragwirani limodzilimodzi pakati pa chala chachikulu ndi zinazo, mukamva kolimba komwe kunalibe, mawa lake kuchipatala. Waku Ndirande, mundilemberenso zomwe sikani yapeza.