Setilaiti imaona bwanji kuti madzi a Chilwa avunduka? Makampani oyeza madzi ndi kuwala

Moni moni anthu anga, takulandiraninso, tili konkuno ku Zomba. Lero tikambe za bizinesi ina yake imene ambirife sitinaimvepo koma ili ndi ndalama zake ndithu, makampani ndi mabungwe amene ntchito yawo ndi kuyeza madzi pogwiritsa ntchito kuwala. Kuwala basi. Amaunika madziwo, kapena amangodikira dzuwa liwaunikire, nkuona kuti kuwala kwabwerako ndi kotani, ndiye pamenepo amadziwa kuti muli matope ochuluka bwanji, muli ndere kapena ayi, nsomba zipeza chakudya kapena zigona ndi njala.

[Pa sikirini: matambula awiri, ina ya madzi oyera, ina ya madzi a mtsinje]

Tiyambe ndi zapafupi. Mvula ikagwa yamphamvu pitani mukaone Likangala, madzi amakhala ofiira ngati atsukiramo njerwa. Kuvunduka kumeneko kuli ndi nambala yake, amayeza mu NTU. Kamakina kake nkosavuta kumvetsa, mumathira madzi mukabotolo kagalasi, mbali ina muli nyali, ndiye kadiso koona kuwalako sanakaike moyang'anizana ndi nyaliyo ayi, anakaika pambali, pa madigiri 90. Madzi akakhala oyera kuwala kumangodutsa kadiso kaja osaona kanthu, koma mukakhala tinthu ta dothi kuwala kumagunda timeneto nkumwazika, kwina nkukafika pa kadisoko. Tinthu tikachuluka nambala imakwera. A WHO amati madzi akumwa asapose 5 NTU, ndipo kuti klorini agwire bwino ntchito ndi bwino akhale pansi pa 1, chifukwa tizilombo timabisala mu tinthu ta dothi timeneti. Nchifukwa chake kulikonse koyeretsera madzi, kaya ndi a Southern Region Water Board amene amatipatsa madzi ochokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiripa, kaya ndi ku London, nambala imeneyi ndi ya tsiku ndi tsiku.

Dzina lalikulu pa timakina timeneti ndi Hach, kampani ya ku America imene inayambitsidwa ndi Clifford ndi Kathryn Hach mu 1947, pano likulu lake lili ku Loveland, Colorado. Ina ndi YSI ya ku Yellow Springs, Ohio, imene inalowa m'manja mwa kampani ya Xylem mu 2011, iwowa amadziwika ndi zida zokhala ngati chitoliro zimene mumangoviika mu mtsinje kapena kuzisiya momwemo masabata angapo zikulemba zokha.

Koma makampani onsewa asanabadwe kunali wansembe. Eetu, wansembe wa Chikatolika wa ku Italy, Angelo Secchi, amenenso anali katswiri wa za nyenyezi. Mu 1865 iyeyu anamiza chimbale choyera mu nyanja ya Mediterranean, nkumachitsitsa ndi chingwe mpaka chitasiya kuoneka, nkuyeza kutalika kwa chingwecho. Basi. Mpaka lero chimbalechi chimatchedwa dzina lake ndipo asayansi akuchigwiritsabe ntchito, cha m'nyanja ngati zathuzi chimakhala cha masentimita 20, chopentedwa zigawo zinayi zakuda ndi zoyera. Pakati pa nyanja ya Malawi chimatha kutsika mamita oposa 10 mukuchionabe. Ku Chilwa mphepo ikavundula matope, mkono usanalowe wonse chasowa kale. Chisungeni mumutu chimbalechi, tichifunanso.

Nde tipite ku nyanja zamchere kumene kuli ndalama zenizeni. Kumeneko chimene amasaka kwambiri si dothi koma tizomera ting'onoting'ono toyandama tosaoneka ndi maso, tomwe ndi poyambira chakudya cha nsomba zonse, komanso timapanga pafupifupi theka la mpweya wa okosijeni umene zomera zapadziko zimatulutsa. Tizomerati tili ndi chlorophyll, chija chimabiriwitsa masamba, ndipo khalidwe lake ndi lakuti chimameza kuwala kwa buluu ndi kofiira nkusiya kobiriwira. Komanso ukachiunika ndi nyali ya buluu chimabweza kakuwala kofiira pang'ono. Kampani ya Turner Designs ku California inakulira pomwepa, kupanga zida zounika buluu nkuwerenga kufiirako. TriOS ya ku Germany imapanga zida zotchedwa RAMSES zoyeza kuwala kolowa ndi kotuluka m'madzi mtundu ndi mtundu. Sequoia Scientific ili ndi LISST, yowomba leza m'madzi nkukuuzani kukula kwa tinthu toyandamato. Koma bwana wamkulu ndi Sea-Bird Scientific ya ku Bellevue, Washington, imene inaphatikizana ndi WET Labs ya ku Oregon ndi Satlantic ya ku Halifax ku Canada. Zida zawo zambiri zimakwera pa maloboti a pulogalamu ya Argo, alipo pafupifupi 4,000 m'nyanja zapadziko, amamira mpaka mamita 2,000 nkubwerera pamwamba pakatha masiku 10 aliwonse kudzatumiza zimene apeza, ngakhale si onse amene ali ndi maso oona kuwala.

Chimene chimandiseketsa nchakuti Hach uja wa madzi apampopi ndi Sea-Bird wa pansi pa nyanjayu mwini wake ndi mmodzi, kampani yotchedwa Veralto. Mayina ambiri pa zikwangwani koma matumba olandira ndalama ndi ochepa, ndipo mitengo yake musafunse, ndi ya madola, chidacho chikafuna kukonzedwanso kuti chiziwerenga molondola nthawi zambiri chimayenera kukwera ndege kubwerera kwawo.

[Pa sikirini: chithunzi cha kum'mwera kwa Malawi chojambulidwa kuchokera kumwamba]

Tsopano kumwamba. NASA inayamba zimenezi mu 1978 ndi kamera yotchedwa CZCS pa setilaiti ya Nimbus-7, kungoyesa chabe ngati mtundu wa nyanja ungaoneke uli mlengalenga, ndipo zinatheka. Mu 1997 kunabwera SeaWiFS, imeneyi setilaiti yake inali ya kampani, NASA inkachita kugula data, inagwira ntchito mpaka 2010. Kenako kamera ya MODIS pa setilaiti ya Terra mu 1999 ndi ya Aqua mu 2002, ndipo mu February 2024 anaponya PACE, imene imasiyanitsa mitundu ya kuwala yoposa 200 pomwe CZCS uja ankaona 6 yokha. Azungu a ku Ulaya nawo ali ndi pulogalamu ya Copernicus, setilaiti yawo ya Sentinel-3 yopangidwa ndi Thales Alenia Space ili ndi kamera ya OLCI, kadontho kamodzi pa chithunzi chake ndi mamita 300. Kwa ife kuno yothandiza kwambiri ndi Sentinel-2 yopangidwa ndi Airbus, yoyamba inapita mu 2015, kadontho kake ndi mamita 10 ndipo imabwereranso pamalo amodzi masiku 5 aliwonse, cha m'ma 10 koloko m'mawa. Ndiye kuti mlungu uliwonse Kachulu, chilumba cha Chisi, pamene Domasi ndi Likangala akuthira m'nyanja, zonse zimajambulidwa. Ndipo zithunzi zake ndi zaulere, zoona, mumangofunika bandulo.

Apa nde pamene pali nkhani yanga yeniyeni, tamverani. Kuwala kumene setilaiti imalandira ikayang'ana nyanja, pafupifupi 90 pa 100 aliwonse sikuchokera m'madzi ayi, kumachokera mu mpweya, fumbi, utsi, nkhungu. Zili ngati kuyang'ana phiri la Zomba uli ku Matawale mu Okutobala anthu atatentha tchire, phirilo lilipo koma chimene ukuona kwambiri ndi utsi. Ndiye kompyuta iyenera kuchotsa utsi wonsewo kuti itsale ndi kachigawo ka madzi, ikalakwitsa pang'ono pochotsapo yankho lonse lapita kutchire. Nchifukwa chake a NOAA, bungwe la boma la America loona za nyanja ndi nyengo, ndi NASA anamangirira chida chachikulu choyandama chotchedwa MOBY pafupi ndi chilumba cha Lanai ku Hawaii, chimene kuyambira 1997 ntchito yake ndi kuyeza kuwala m'madzi momwemo kuti aziyerekeza ndi zimene setilaiti yanena. Palinso IOCCG, komiti ya mayiko imene inakhazikitsidwa mu 1996 kuti mabungwe onsewa azigwirizana kayezedwe. Setilaiti ya mamiliyoni a madola imadalirabe munthu wanyowa pansi pano.

Vuto ndi lakuti madzi a ku Hawaii ndi oyera, akuya, a buluu. Masamu oyambirira onse anapangidwira madzi otero, mmene chosintha mtundu ndi tizomera tija tokha. Tabwera nawoni masamuwo ku Chilwa. Nyanja yosaya, malo ambiri mamita awiri sakwana, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, mphepo ikangowomba matope onse adzuka, m'mbali monse ndi mabango ndi udzu wa m'dambo zimene nazonso ndi zobiriwira, pena pansi penipeni pakuonekera. Kompyuta ikhoza kukuuzani kuti ndere zachuluka pomwe ndi dothi, kapena kungokana kuti apa si madzi. Kuona kuti nyanja yaphwa, ngati mmene inachitira mu 1968, 1995 ndi 2018, zimenezo setilaiti za masiku ano sizivutika nazo, ndipo pulogalamu ya zithunzi za setilaiti ya Digital Earth Africa ili ndi mapu aulere oonetsa pamene madzi akhala akupezeka chaka ndi chaka. Koma kunena kuti madziwo ali bwanji mkati, ngati matemba ndi makumba apeza chakudya, pamenepo pamafunika manambala ochokera pa bwato. Ena anaona mpata wa bizinesi pomwepa, ku South Africa kuli kampani ya CyanoLakes imene imatenga zithunzi za setilaiti nkumachenjeza za ndere zapoizoni m'madamu ndi m'nyanja. Setilaiti si yawo, chawo ndi masamu basi.

Ine maganizo anga, ndipo mukhoza kutsutsa, ndi akuti ife tisayambire kulakalaka chida cha madola masauzande chimene chikafa batire chikhala mu kabati zaka. Tili ndi University of Malawi pompano, ophunzira a sayansi ndi a jogalafe ali mbwee, asodzi amalowa m'nyanja tsiku lililonse, nyanjayo ili pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Chosowa ndi manambala otengedwa pamalo amodzimodzi, mobwerezabwereza, tsiku limene Sentinel-2 ikudutsa. Ndipo chimbale cha Secchi chija mutha kupanga nokha: dulani chivindikiro cha ndowa chikhale masentimita 20, pentani zakuda ndi zoyera, boolani pakati, mangani chitsulo pansi kuti chizimira chowongoka, chingwe chake chikhale chosatamuka ndipo muchilembe zizindikiro, za ku Chilwa zikhale pafupipafupi, sentimita iliyonse. Poyeza khalani mbali ya mthunzi ya bwato, magalasi adzuwa vulani, tsitsani mpaka chisowe mulembe, kwezani mpaka chionekenso mulembe, mutenge pakati pa manambala awiriwo. Lembaninso tsiku, nthawi, malo ake pa GPS ya foni, ndiponso ngati kunali mphepo kapena mitambo, chifukwa tsiku la mitambo setilaiti imajambula mitamboyo basi, ndipo miyezi ya dzinja kuno zithunzi zambiri zimatayika choncho.

Vidiyo yotsatira titsegula limodzi Copernicus Browser, webusaiti yoonerapo zithunzi za Sentinel, pa laputopu, tione Chilwa wa mwezi uno ndi wa 2018 pambali pambali. Dinani sabusikraibu, tionana.